Misa ya madzulo ku Farm Street, London: ndemanga ya mayi pa utumiki wolandira Akatolika a LGBT

Patha zaka ziwiri chiyambire kupita ku tchalitchi cha ansembe a chipani cha Ajezuiti ku Farm Street, m'dera la Mayfair pakati pa mzinda wa London, kukapemphera nawo Misa ya 5:30 madzulo. Lamulungu lachiwiri ndi lachinayi la mwezi uliwonse, parishiyi, mogwirizana ndi Arkidayosizi ya Westminster, imalandira mwapadera pa Misa imeneyi Akatolika a LGBT, ndiko kuti amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, okonda amuna ndi akazi omwe, ndi amene amadzimva kuti ndi akazi atabadwa amuna kapena amuna atabadwa akazi, pamodzi ndi makolo, abale ndi abwenzi awo, ndipo gulu limene limayendetsa utumikiwu limatchedwa LGBT+ Catholics Westminster. Ndalemba ndemanga iyi chifukwa ndikudziwa kuti pakati pa ife olankhula Chichewa, kuno ku Britain ngakhalenso kumudzi, alipo makolo amene akusenza nkhani imeneyi okha popanda womufotokozera, ndipo alipo ana amene anasiya kulowa m'tchalitchi chikhulupiriro ali nacho, poopa maso a anthu. Ndineneretu maganizo anga: utumikiwu suthetsa funso lovuta la chiphunzitso cha Mpingo, ndipo sulonjeza kulithetsa, koma unandipatsa chinthu chimene ndinalephera kuchipeza kwina konse, ndicho benchi limodzi loti ine ndi mwana wanga tigwadepo pamodzi popanda wina wa ife kubisa kanthu.

Mwana amene ndikunenayu ndi wa malemu akulu anga, amene anatisiya iye ali ndi zaka 6. Kuyambira pamenepo wakulira m'manja mwanga, ndipo sanditchula dzina lina koma amayi. Anabatizidwa ali khanda, analandira Ukaristia woyamba ndi ulimbitso pa nthawi yake, ndipo anatumikira Misa zaka zambiri tisanasamukire kuno, moti anthu a mumphakati mwathu ankati mwina adzapita ku seminale. Ali ndi zaka 24, tsiku lina Loweruka madzulo, anandipeza kukhitchini ndikuvundula nsima, naima pafupi ndi chitseko ngati mlendo wodikira kulonjeredwa. Anati: "Amayi, musamadikire mpongozi kwa ine. Mtima wanga umakonda amuna anzanga, ndipo ndakhala chonchi kuyambira ndili wamng'ono." Sindinacheuke. Ndinapitiriza kuyendetsa mthiko mumphika mpaka nsima inayamba kununkha kupserera, ndipo iye ndiye anabwera kudzazimitsa moto, kundilanda mthikowo mwaulemu ndi kuuviika m'madzi. Usiku umenewo palibe anadya. Mawu oyamba amene ndinamuyankha, atapita masiku atatu, anali oipa, ndipo ndinakawaulula kale mu sakramenti la kulapa.

Munthu mmodzi yekha amene ndinamuululira, mayi wa kwathu amene tinkapemphera naye kolona, anandilangiza kuti ndipite naye mwanayo ku mapemphero ena akamutulutse chiwanda, ndipo pasanathe sabata nkhaniyo inali itafika kumudzi pa WhatsApp, itavala kale mawu achipongwe aja amene kwathu timatchulira anthu otere. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndipo ndinadzionera ndekha mmene anthu amafulumirira kufunsa kuti amene anamulera analakwitsa pati. Koma chimene chinandipweteka koposa manyazi chinali kuzindikira kuti mwana wanga anali atatha zaka zisanu osalandira Ukaristia. Ankandiperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi Lamulungu m'mawa n'kunena kuti ali ndi zowerenga za kusukulu, ine osadziwa kuti mumtima mwake anali atagamula kale kuti Mulungu alibe naye ntchito. Wansembe wina wokalamba, amene amabwera kudzapereka masakramenti ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndiye anandilembera dzina la Farm Street pa kapepala, osawonjezerapo mawu ena koma akuti ndikaone ndekha.

Kuti munthu amvetse utumikiwu ayenera kudziwa kumene unachokera, pakuti sunabadwire mu ofesi ya episkopi. Pa 30 Epulo 1999, bomba lodzaza ndi misomali linaphulika m'malo omwera mowa otchedwa Admiral Duncan pa msewu wa Old Compton Street ku Soho, kumene amuna okonda amuna anzawo ankakonda kukumana, ndipo linapha anthu atatu ndi kuvulaza ena ambiri. Amene anatchera bombalo, David Copeland, anali atatcheranso mabomba ena awiri m'masabata awiri a m'mbuyo mwake, lina ku Brixton, kumene kumakhala anthu akuda ambiri, ndi lina ku Brick Lane, kumene kuli anthu ochokera ku Bangladesh. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinaona kuti dzanja limene linkasaka anthu onga mwana wanga ndi lomwelo limene linkasaka anthu a khungu langa. Chiwembucho chitachitika, Akatolika ena a LGBT anayamba kusonkhana pa Misa, poyamba m'nyumba ya masisitere ku Camden, kenako m'tchalitchi chobwereka cha a Anglican cha St Anne's ku Soho komweko. Mu 2007, nthawi ya Kadinala Cormac Murphy-O'Connor, arkidayosizi inavomereza kuti Misazo zizichitikira m'tchalitchi cha Katolika cha Our Lady of the Assumption and St Gregory pa Warwick Street, ndipo anthu ankazitchula kuti Soho Masses. Sizinayende popanda mkangano, pakuti panali Akatolika ena amene ankaima panja pa tchalitchicho ndi makolona m'manja kupempherera kuti Misazo zithe.

Kumayambiriro kwa Januwale 2013, Arkiepiskopi Vincent Nichols analengeza kuti Misa za ku Soho zitha, kuti tchalitchi cha pa Warwick Street chiperekedwa kwa gulu la a Anglican amene analowa mu Mpingo wa Katolika, ndiponso kuti chisamaliro cha anthuwa chipitirira ku Farm Street, kumene anayamba kusonkhana mu Malichi chaka chomwecho. Ambiri anamva ngati athamangitsidwa pakhomo pamene anazolowera, ndipo ine amene kunalibeko masiku amenewo sindingapeputse kuwawa kwawo. Komabe poona zimene zilipo lero, ndikhulupirira kuti kusamukako kunabala chipatso chabwino, chifukwa m'malo mokhala ndi Misa yawoyawo, anthuwa analowa mu Misa ya parishi yonse, ndipo kusiyana kumeneku si kwakung'ono kwa munthu amene wakhala akudziona ngati wapadera moyo wake wonse. A Nichols, atakhala Kadinala, anabwera okha kudzatsogolera Misayi mu Meyi 2015, ndipo mu Malichi 2019, pa Lachitatu la Phulusa, ena a gululi anapatsana moni ndi Papa Francis ku Vatican. Ndikutchula zimenezi chifukwa funso loyamba limene Mkatolika wa kwathu angafunse, limene inenso ndinafunsa, ndi lakuti kodi zimenezi ndi za Mpingo weniweni kapena ndi kagulu kodzipatula. Yankho lake ndi lakuti utumikiwu uli pansi pa arkidayosizi, ndipo umachitikira m'parishi yodziwika, masana dzuwa likuswa mtengo.

Kufika kumaloko sikovuta kwa amene ali kale mu London. Munthu akatsika sitima yapansi pa Bond Street kapena pa Green Park amayenda wapansi mphindi ngati khumi, ndipo njira imene ndimaikonda ndi yodzera m'kamunda kabata ka Mount Street Gardens, kamene kali ndi mabenchi ambiri pansi pa mitengo ikuluikulu. Tchalitchichi, chimene dzina lake lenileni ndi Church of the Immaculate Conception, polemekeza Amayi Maria osapatsira uchimo, chinatsegulidwa mu 1849, ndipo guwa lake lalikulu analikonza katswiri wotchuka Augustus Pugin. Ndiyenera kuchenjeza kuti Mayfair ndi dera la anthu olemera kwambiri, la mahotela ndi masitolo amene munthu wogwira ntchito ngati yanga sayerekeza kulowamo, ndipo wobwera koyamba atavala chitenje ndi jekete la kuntchito akhoza kumva ngati wasochera. Maganizo amenewo kwa ine anathera pakhomo, popeza m'kati ndinapezamo anthu a mitundu yonse, olemera ndi osauka, alendo odzaona mzinda, ophunzira, ndi antchito a m'mahotela a pafupi amene amathamangira Misa akaweruka.

Ulendo woyamba ndinapita ndekha, osamuuza mwana, ndipo ndinalowa ndili tcheru ngati munthu wofuna kugwira wakuba. Ndinkayembekezera kupeza mapemphero osinthidwa, ulaliki wonyoza maepiskopi, kapena guwa losandutsidwa malo a ndale. Ndinapeza Misa imene ndaidziwa kuyambira ubwana, mawerengo ake ali omwewo amene tsiku limenelo ankawerengedwa ku Limbe, ku Chipata ndi ku Roma, wansembe atavala zovala za nyengo yake, anthu akugwada pa nthawi yogwada. Anthu a gululi amathandiza kulandira alendo pakhomo, kuwerenga mawu a Mulungu ndi kuimba, monga mmene mphakati umathandizira Lamulungu lake likakwana. Chokhacho chimene ndinaona chosiyana ndi chakuti anthuwa amatchulidwa poyera monga olandiridwa, ndipo powatchula mawu a wolankhulayo satsika, sanjenjemera, ndipo sanyansidwa. Ndinali ndisanamvepo dzina la anthu onga mwana wanga likutchulidwa m'tchalitchi popanda kutsatana ndi mawu akuti tchimo, temberero kapena chikhalidwe chachilendo, ndipo ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chotere kangamasule chifuwa cha munthu.

Kutsogolo kwanga tsiku limenelo kunakhala abambo awiri achikulire, a imvi mbuu. Itakwana nthawi yodzuka pambuyo pa kugwada, mmodzi analephera kuimirira, ndipo mnzakeyo, osayang'ana n'komwe, anamugwira pa chigongono ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likumupatsa ndodo imene anali atamusungira. Ine ntchito yanga ndi yodzutsa okalamba, ndipo ndimadziwa kusiyana kwa dzanja la mlendo ndi dzanja limene lachita zimenezo zaka zambiri. Sindinawafunse kanthu, ndipo mbiri yawo ndi yawo, koma kuyambira pamenepo ndinalephera kuganiza za nkhaniyi monga nkhani ya kuchipinda yokha, mmene kwathu timaiganizira.

Zinanditengera miyezi itatu kuti mwana wanga avomere kubwera. Anakhala pa benchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko, jekete osavula, ndipo sanatsegule pakamwa mpaka pa mawu aja amene tonse timanena tisanalandire, ovomereza kuti sitili oyenera kuti Ambuye alowe mwa ife. Pamenepo ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Tsiku limenelo sanalandire Ukaristia, koma anapita kutsogolo atapingasa manja pachifuwa, monga mwa mwambo wa kuno wa amene akungopempha dalitso, ndipo wansembe anamudalitsa. Patapita masabata angapo anapempha yekha kuonana ndi wansembe, ndipo anakhala naye nthawi yaitali. Zimene anakambirana ndi za iwo awiri ndi Mulungu, ndipo ine sindinafunse. Pa nyengo ya Pasaka ya chaka chimenecho ndinamuona ali pa mzere wa olandira, patsogolo panga.

Ndikudziwa kuti owerenga ena afunsa ngati mwanayo akukhala modzisunga, ndiponso ngati ansembe amafufuza zimenezo asanamupatse Ukaristia. Ku Farm Street, monga m'maparishi ena a kuno, palibe amene amaima pa mzere kufunsa anthu za moyo wawo, ndipo nkhani ya kukhala woyenera kulandira imasiyidwa ku chikumbumtima cha munthu ndi ku sakramenti la kulapa, chimodzimodzi kwa wokwatira, kwa mbeta ndi kwa wamasiye. Pano ndikufuna kuima pang'ono, chifukwa ndi pamene maganizo anga anasinthira. Kwathu tonse timawadziwa akhristu oimitsidwa masakramenti chifukwa cha ukwati wosadalitsa kapena chifukwa cha mitala. Anthu amenewa sitiwathamangitsa. Amakhala nafe m'tchalitchi, amabwera ku mphakati, amasonkha nawo pa chitukuko cha parishi, timadya nawo pa zikondwerero, ndipo akadwala timakawazonda. Timadziwa bwino kusiyanitsa chiphunzitso ndi munthu pamene munthuyo ndi malume athu a akazi awiri. Luso limeneli tili nalo kale, ndipo chimene ndinaona ku Farm Street ndi luso lomwelo likugwiritsidwa ntchito pa anthu amene ife tinawapatula.

Pa za chiphunzitso, munthu asapite kumeneko poganiza kuti akamva kuti Mpingo wasintha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2357 mpaka 2359, amanena kuti kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha n'kosalongosoka ndipo sikungavomerezedwe, ndiponso kuti anthu otere akuitanidwa kudzisunga. Ndime zomwezo zimanenanso kuti anthuwa ayenera kulandiridwa mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndipo kuti mchitidwe uliwonse wowasala mopanda chilungamo upewedwe. Ine ndinakula ndikumva theka loyamba lokha, ndipo ndikhulupirira kuti Akatolika ambiri a kwathu sadziwa kuti theka lachiwirili lilipo, m'buku lomwelo, pa tsamba lomwelo. Utumiki wa ku Farm Street umaima pa theka lachiwirili popanda kulalikira zotsutsa loyambalo paguwa. Ena amaona ngati kumeneku n'kuzemba nkhani, ndipo dandauloli limachokera mbali zonse ziwiri: alipo amene amati utumikiwu ukanayenera kutsindika za kudzisunga mmene limachitira bungwe la Courage, limene Bambo John Harvey analiyambitsa ku New York mu 1980, ndipo alipo a LGBT amene amati kulandiridwa popanda kusintha mawu a Katekisimu kuli ngati kupatsidwa mpando m'nyumba imene khoma lake lalembedwabe mawu okunyoza. Madandaulo onse awiriwa ndi olemera, ndipo mwana wanga yemwe amamva kuwawa kwa lachiwirili. Ine ndekha ndimakhulupirirabe zimene Mpingo umaphunzitsa za sakramenti la ukwati, ndipo sindinapeze njira yolumikizira bwinobwino chikhulupiriro chimenecho ndi chisoni chimene ndimamva poganiza kuti mwana wanga angadzakalambe yekha. Utumikiwu sunandilumikizire zimenezi, koma unandilola kubwera nazo zili zosalumikizana.

Ndinayamba kupita kumeneko pamene mkangano wa madalitso unali udakali wotentha. Pa 18 Disembala 2023, Vatican inatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans, cholola ansembe kupereka dalitso lalifupi, losafanana ndi mwambo wa ukwati, kwa anthu awiri okhala m'maubale osalongosoka, kuphatikizapo amuna kapena akazi okhaokha. Maepiskopi a ku Malawi anali m'gulu la oyamba kuyankha, ndipo analamula kuti madalitso otere asachitike m'dziko lathu, a ku Zambia nawonso ananena chimodzimodzi, ndipo pa 11 Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo analengeza m'malo mwa maepiskopi a mu Africa kuti madalitsowo saperekedwa m'mipingo ya kumeneko. Ndimalemekeza abusa athu ndipo ndikumvetsa kuti ankaopa chisokonezo pakati pa akhristu. Chimene ndingachitire umboni ndi chakuti pa Misa zonse zimene ndakhalapo ku Farm Street sindinaonepo mwambo wofanana ndi ukwati, ndipo amene akuopa kukapeza zimenezo pa Misa ya 5:30 achotse mantha.

Pali nkhani ina imene Mkatolika wa mu Africa sangailambalale, ya Amaritiri a ku Uganda. Chaka chilichonse pa 3 Juni timakumbukira Charles Lwanga ndi anzake amene anatenthedwa ku Namugongo mu 1886, ndipo kawirikawiri ulaliki wa tsikulo umatembenukira pa anthu onga mwana wanga, popeza china mwa zimene zinakwiyitsa mfumu yawo, Kabaka Mwanga II, chinali kukana kwa anyamatawo kugona naye. Mwana wanga ankawakonda oyera amenewa ali wamng'ono, ndipo pambuyo pake tsiku lawo linasanduka tsiku limene ankaliopa koposa. Ine ndikaiwerenga mbiriyo lero ndimaona anyamata amene anakana mfumu yogwiritsa ntchito mphamvu zake kukakamiza antchito ake, ndipo anasankha Khristu m'malo mwa kuopa munthu. Kulimba mtima kumeneko n'koyenera kukutamanda, ndipo sindikuona chifukwa chosandutsira chikwapu chomenyera mnyamata amene sanakakamize aliyense.

Misa ikatha, gululi limaitana anthu ku holo ya parishi pa 114 Mount Street, kumene kumakhala tiyi, khofi ndi tizakudya pang'ono, ndipo kwa ine pamenepa ndi pamene pali mtima wa utumiki wonsewu. Palibe amene amakufunsa kuti ndiwe wotani kapena wabwereranji. Munthu akhoza kumwa tiyi n'kuchoka osanena kanthu, ndipo ndinachita zimenezo maulendo awiri oyamba. Ndinapezako anthu ochokera m'maiko ambiri, ena a mu Africa, ndipo ena mwa iwo sangabwerere kwawo chifukwa choopa ndende kapena abale awo omwe. Nkhani imeneyi imatikhudza ifenso. Malamulo a dziko la Malawi amalola chilango cha zaka zofika 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha, chilango chimene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anapatsidwa mu Meyi 2010 asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho loti malamulowo achotsedwe. Mu Januwale 2023 Papa Francis ananena poyera kuti kukhala munthu wotere si mlandu, ndipo anati malamulo omanga anthu chifukwa cha zimenezi ndi opanda chilungamo. Mwana wanga sanapite ku manda a mayi ake om'bala kwa zaka zambiri, ndipo m'holo imeneyo ndi mmene anapeza koyamba anthu omvetsa zimenezi popanda kuwafotokozera kuyambira pachiyambi.

Zofooka za utumikiwu zilipo, ndipo zambiri zimachokera ku kukula kwa ntchito poyerekeza ndi manja oigwira, popeza oyendetsa gululi ndi anthu ongodzipereka. Kukumana kawiri pa mwezi n'kokwanira kwa munthu amene ali ndi parishi ina yomusunga, koma n'kochepa kwa amene wangotayidwa ndi abale ndipo akufuna woyankhula naye Lachiwiri usiku. Kwa ife okhala kunja kwa London, mtengo wa sitima ndi nthawi ya ulendo zimalemera, makamaka kwa ogwira ntchito za mashifiti, amene Lamulungu silikhala lawo nthawi zonse. Zonse zimachitika m'Chingerezi, ndipo nkhani ngati iyi ili ndi mawu ena amene mayi angathe kuwalira m'chinenero chake chokha. Wozolowera ng'oma, visekese ndi nthungululu adzaona Misayi ili yozizira ndi yofulumira, ngakhale kuti kuimba kwake n'kolongosoka. Chimene ndimachisowa koposa ndi makolo anzanga a mu Africa. Ana athu amabwera, koma amabwera okha, ndipo mafunso amene kholo la kwathu limakhala nawo, a mmene ungauzire ankhoswe ndi eni mbumba, a zimene ungayankhe pa maliro anthu akafunsa kuti mwana akwatira liti, sapeza wowayankha mwa anthu amene anakulira m'chikhalidwe china, ngakhale akhale okoma mtima chotani. Pomaliza, utumikiwu susintha parishi imene munthu amabwererako Lamulungu loyamba ndi lachitatu, ndipo mwana wanga mpaka lero sanalowebe m'tchalitchi cha pafupi ndi nyumba yathu, kumene kuli anthu a kwathu amene anamva nkhani ija pa foni.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa kholo lililonse lachikatolika limene lili pamene ine ndinali kuti lipite, ndipo ulendo woyamba lipite lokha, likhale kumbuyo, lione ndi maso ake lisanagamule. Ndikulimbikitsanso mnyamata kapena mtsikana amene anasiya kupemphera poganiza kuti ubatizo wake unafafanizika kuti akayese Misa imodzi yokha, ndipo sakakamizidwa kulankhula ndi munthu. Amene akufuna malo otsutsirapo Mpingo sakakhutira, ndipo amene akufuna malo oti mwana wake akasinthidwe sakapeza zimenezo.

M'kachipinda kena ka m'mbali mwa tchalitchichi muli chifanizo chamkuwa chimene anachiumba Timothy Schmalz wa ku Canada, choonetsa munthu wopanda pokhala atagona pa benchi, atafunda bulangeti mpaka kumutu, moti nkhope yake siioneka. Chimene chimaulula kuti ndi Yesu ndi mabala a misomali pa mapazi ake otuluka kunja kwa bulangeti, ndipo kumapeto kwa benchilo kuli kampata kokwana munthu mmodzi. Mu Novembala wapitawu, mwezi wopempherera akufa, mwana wanga anandipempha kuti tifike msanga, ndipo anakakhala pa kampatako, dzanja lake lili pa mapazi amkuwawo. Kenako anatulutsa m'thumba kolona ya malemu mayi ake, imene ndinamupatsa tsiku la ulimbitso ndipo ndinkayesa kuti anaitaya kalekale. Anati: "Amayi, yambani ndinu m'Chichewa, ine ndaiwala pena." Ndinayamba Tikuoneni Maria motsitsa mawu, ndipo pofika pa mkanda wachitatu anali akundiyankha popanda kuphonya.